Thabwa Safunditsa

Mpaka lero Mzime akamadutsa pashedi ya akalipentala, fungo la thabwa longopalidwa kumene likamupeza, miyendo imayamba ulesi. Mwana amene wamugwira padzanja amamukoka, iye n'kumanamizira kukonza patapata. Fungo limenelo ndi la bambo ake. Ankabwera nalo kunyumba m'malaya, m'tsitsi, ngakhale m'nsidze, ndipo sopo analimbana nalo mpaka anagonja.

Anthu ankawatchula kuti a Utuchi, dzina lochokera kudzenje. Pocheka matabwa ndi macheka aatali a anthu awiri, chipika amachigoneka pamwamba pa dzenje. Mmodzi amaima pachipikapo n'kumakokera macheka m'mwamba, mnzake amalowa m'dzenjemo n'kumakokera pansi. Wapamwamba amapsa ndi dzuwa, koma wapansi ndi amene amasamba utuchi tsiku lonse. Bambo ake a Mzime anakhala wapansi moyo wawo wonse, ndipo sanapemphepo kusinthana. Ankati munthu ukakhala pansi umaona mtengo ukutseguka, umadziwa msanga ngati macheka ayamba kusochera.

Wapamwamba wawo anali bambo wina wamtali, wapakamwa, amene ankaimba pokoka macheka ngakhale mawu ake anali ngati a chitseko cha dzimbiri. Makina ochekera atachuluka, ntchito ya m'dzenje inayamba kusowa. Wamtaliyo anagula njinga yakale n'kuyamba kugulitsa nkhuni, ndipo anthu anamupatsa dzina loti a Mtolo. Kuyambira pamenepo awiriwa ankapatsana moni wotukwanizana.

"Wadzuka bwanji wakupha mitengo?"

"Ndadzuka, kaya iwe wodya utuchi? Mmene wawondera, kapena utuchi wakwera mtengo?"

A Utuchi sanasiye za mitengo. Macheka anawapachika kukhoma, koma khutu ndi diso anapitiriza kugwira nazo ntchito. Mtengo ukagwa pasukulu, pamsewu kapena pabwalo la munthu, ankapita osaitanidwa, n'kukapeza anthu atanola kale nkhwangwa. Ankawapempha kuti adikire pang'ono. Ankauzungulira mtengowo, kukanda khungwa ndi chikhadabo, kununkhiza pomwe wathyoka, kenako n'kugogoda. Akatero ankanena zoona zokhazokha: uwu ndi nkhuni, otchani, uwu muli zitseko ndi matebulo, musaukhudze. Ena ankawamvera. Ena ankawaseka, chifukwa nkhuni imapsa lero pomwe, koma thabwa limafuna miyezi.

Mzime, chitsiriza cha m'nyumbamo, ndiye ankawatengera madzi kudzenje ali wamng'ono. Amakumbukirabe masewera awo. Bambo ake ankamuuza kuti agunditse khutu kumapeto kwa chipika, iwo n'kupita kumapeto enawo kukagogoda ndi msana wa nkhwangwa.

"Wamva chiyani?"

"Ngo."

"Ndiye kuti m'katimo ndi mwamoyo. Ukadzamva kuti phu, ngati wamenya pilo, udziwe kuti muli mphako kapena mwavunda."

Iye ankangosangalala ndi kunyerenyesa kwa khutu. Sankadziwa kuti akuphunzira kanthu.

Zaka zinapita. Mayi anamwalira, abale anabalalika, ndipo Mzime anabwerera m'nyumba ya bambo ake ali ndi khanda kumsana. Bambo wa khandalo, woyendetsa lole, anapita ulendo umodzi n'kusiya kuyankha foni. Nyumbayo inali ya njerwa zootcha, ya zipinda zitatu, malata ake ofiira ndi dzimbiri. Kuseri kwake kunali mlombwa waukulu, umene a Utuchi anakana kudula pamene ankamanga. Mwanayo anali wa chifuwa. Mphepo ikangosintha, kupuma kwake kunkalira ngati kamluzu, ndipo Mzime anaphunzira kumva kamluzuko ngakhale ali kumpopi. Anakhala munthu woyang'ana paliponse: pansi pa bedi, m'nsapato, pa chivundikiro cha ndowa. Mwanayo atayamba kuyenda, agogo ake anamutcha Kanyerere, chifukwa panalibe kabowo kamene sankafuna kulowamo.

Mlombwa unagwa masana, mvula ya chaka chimenecho ikutsanzika. Kunabwera chimphepo, fumbi n'kudzuka, kenako madzi. Mzime anali kukhitchini, Kanyerere ali kumsana chifukwa anakana kugona. Anamva ngati lole yagunda nyumba. Atatsegula chitseko cha kuchipinda kwake anaona kumwamba. Nthambi yaikulu inali itaboola denga pakona, mapaso atathyoka, malata atapindika ngati mapepala, ndipo njerwa zinali pa bedi, pamalo penipeni pomwe akanamugoneka mwanayo. Pomwe nthambi inang'ambika pankatuluka madzi ofiira a mlombwa, n'kumadontha pa bulangeti. Mzime anakhala pansi pakhomo pomwepo.

Anasamukira pabalaza. Bowolo analitseka ndi masaka ndi kachidutswa ka lona, koma chinyezi chinalowa m'nyumba yonse, ndipo kamluzu kanayambiranso. Achemwali ake aakulu, amene amakhala kutali m'kanyumba ka lendi, anaimba foni ndipo sanazungulire.

"Mzime, mvula ina ikadzapeza denga lili choncho, mwanayo ndidzabwera kudzamutenga. Chifuwa chimenecho si chosewera nacho."

"Nanga ine?"

"Iwe ugona pati kuno? Ndipo bambo uwasiya ndi ndani?"

Mzime anadziwa kuti achemwali ake sankanama. Kuyambira tsiku limenelo, akayang'ana denga ankaona Kanyerere akukwera basi pamiyendo ya munthu wina.

M'mawa mwake a Mtolo anafika atamangirira nkhwangwa panjinga. Anauyang'ana mtengowo ngati fisi amene wapeza khola losatseka.

"Mwana wanga, pepa ndi ngoziyi. Koma taona, Mulungu sagwetsa mtengo pachabe. Ndikauwaza uwu, mlungu sutha, ugula malata otseka pabowopo."

Mtima wa Mzime unalumpha. Anayang'ana bambo ake, koma iwo anali atagwada pa tsinde, akukanda khungwa.

"Iwe, ika nkhwangwayo pomwe waitenga," anatero a Utuchi osatembenuka.

"Wayambatu. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, mnzanga. Mwana akutsokomola lero, iwe ukuganiza za matebulo a anthu olemera."

"Malata ako awiriwo uwakhomera pa chiyani? Mapaso athyoka, khoma lang'ambika. Nkhuni zigula chigamba. Matabwa agula denga."

"Bambo," anatero Mzime, "matabwawo auma liti?"

"Mvula isanabwere."

"Nanga akapanda kuuma?"

A Utuchi anaimirira pang'onopang'ono, atagwira bondo. Sanamutsutse. Anangomulozera kumapeto kwa thunthu, komwe linaduka.

"Ika khutu apo."

Mzime anachita manyazi, mayi wamkulu kugwada m'matope pamaso pa a Mtolo, komabe anagwada. Bambo ake anatenga nkhwangwa ya mnzawo yomweyo, n'kupita kumizu, n'kugogoda. Mawu anayenda m'thunthu monse n'kufika m'khutu mwake ali oyera, olimba, ngati a tsiku lija ali kamtsikana.

"Wamva chiyani?"

"Ngo," anayankha motsitsa.

"Mtengo wotere ukauotcha, ngakhale utsi wake umakudandaula."

A Mtolo anapukusa mutu n'kuyamba kumasula zingwe panjinga. "Nthambi ndi zanga, tamvana? Ndipo usaganize kuti ndikwera pamwamba pa chipika pa ukalamba uno."

Komabe a Mtolo anakwera. Poyamba a Utuchi anakadziwitsa a zankhalango, amene anabwera kudzaona kuti mtengowo unagwa wokha. Kenako madala awiriwa anasadza nthambi, anadula thunthu m'zipika, n'kuzikweza pa miyala kuti zisagone pa dothi. Tsiku lomwelo a Utuchi anatumiza Mzime kwa oyandikana nawo kukapempha penti wotsala m'mabigili, wa mtundu uliwonse. Anapaka kumapeto kwa chipika chilichonse, kwina wobiriwira, kwina wa buluu, mpaka kuseri kwa nyumba kunaoneka ngati sukulu ya mkaka.

"Mtengo umatuluka madzi msanga kumapeto," anamufotokozera. "Kumapeto kukauma pakati pali pauwisi, umang'aluka. Pentiyu ndi wouuza kuti usathamange."

Anakumba dzenje, anatsitsa macheka kukhoma, anawanola ndi tupa dzino ndi dzino. Analemba mizere pachipika ndi chingwe choviika m'makala osinja. Ndiye phokoso lija linabwerera, limene Mzime anali ataliiwala: kukoka ndi kubweza, kukoka ndi kubweza, ndi nyimbo ya chitseko cha dzimbiri pamwamba pake. Ankapumira pafupipafupi tsopano. Thabwa limene kale ankalimaliza tiyi asanazizire, linkawadyera m'mawa wonse.

"Ukukoka kapena ukulendewera?" ankatero a Mtolo ali pamwamba.

"Ndikudikira kuti nyimbo ithe. Macheka akuchita mantha."

Kanyerere ankaimirira patali atagwidwa malaya ndi mayi ake, n'kumaseka agogo akatuluka m'dzenje ali ofiira kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Masiku amenewo Mzime amawakumbuka ngati masiku abwino, ngakhale pa nthawiyo sankawaona choncho. Ankangowerenga mitambo.

Matabwa atakwana, a Utuchi anasankha malo amthunzi m'mbali mwa nyumba, pomwe mphepo imadutsa. Anayala njerwa, anagoneka mitanda molingana, n'kuyamba kusanja. Pakati pa mzere uliwonse wa matabwa ankaikapo timitengo touma tofanana kunenepa, kamodzi pamwamba pa kanzake ndendende, kuti thabwa lisapindike. Pamwamba anaikapo malata opindika aja ochokera padenga, n'kuwatsindira ndi miyala. M'mbali monse anasiya poyera. Munthu ukagwada unkaona kuwala mbali inayo.

Nyengo yozizira itayamba, maso a bambo ake a Mzime, amene anali atachita ng'ala kwa zaka, anafika poti sankaonanso mzere wa makala. Achemwali anabwera kudzawatenga kuti akawapale diso kuchipatala cha kwawoko. Pokwera basi, a Utuchi anangosiya mawu amodzi.

"Matabwawo usawasunthe."

Mzime sanawasunthe. Koma patapita masiku kunayamba kamvula kowaza, kopanda mabingu, kamene mphepo imakalowetsa cham'mbali. Anaima pawindo n'kumaona madontho akugwera m'mphepete mwa matabwa. Denga la mwana wake linkanyowa iye akuyang'ana. Tsiku lotsatira anatembenuka pang'ono kuti atsanule madzi, ndipo anamva kulira. Anapeza Kanyerere atalowetsa mkono wonse pampata wa matabwa, wakanirira, ndipo pa thabwa la m'munsi, pafupi ndi chigongono chake, pankayenda chinkhanira. Anamusolola mwanayo mpaka khungu linasupuka pang'ono. Chinkhaniracho anachipha ndi patapata, n'kupitiriza kumenya chitafa kale.

Madzulo omwewo anapita kusitolo ya zomangira n'kugula chipepala chachikulu chakuda cha pulasitiki. Anakuta mulu wonse kuchokera pamwamba mpaka pansi. Anapinda m'makona bwinobwino monga amapindira bulangeti la mwana, anamanga ndi chingwe, n'kutsindira m'munsi ndi njerwa kuti pasalowe mphepo, madzi, chinkhanira kapena dzanja. Ataima patali n'kuyang'ana, mtima unakhala pansi koyamba chigwereni mtengo.

Kamvula kanatha, dzuwa linabwerera. Mzime anaganizapo zovundukula, koma akayang'ana Kanyerere akuzungulira chimulu chakudacho n'kusowa polowera, ankati mawa. A Mtolo sankalowa kuseri kwa nyumba mnzawo kulibe. Ankangofuula moni ali pamsewu. Bambo nawonso anachedwa, chifukwa adokotala anafuna kuti diso lipole kaye. Milungu inapita.

A Utuchi anabwera masana ena atavala magalasi akuda, akuyenda monyada ngati munthu wogula galimoto. Anamunyamula mdzukulu wawo n'kumuyang'anitsitsa.

"Kani ndiwe wokongola chonchi? Ine ndimayesa wafanana ndi a Mtolo."

Kenako anakweza mphuno. Anamutsitsa mwanayo, n'kuyenda kupita m'mbali mwa nyumba osavula ngakhale jekete. Ataona chimulu chakudacho anaima.

"Mzime, ichi chakhala chonchi kuyambira liti?"

"Kuyambira kamvula kaja, bambo. Sindinawasunthe. Ndinangowateteza."

Anachotsa njerwa imodzi n'kukweza pepala. Munatuluka mpweya wotentha, wonunkha ngati zovala zoiwalika m'beseni. Mkati mwa pepalalo munali madontho okhaokha, ndipo matabwa anali thukuta. Nguwi inali itayala paliponse, ina yoyera ngati thonje, ina yakuda, makamaka pomwe timitengo tinagunda matabwa ndi m'mphepete moyera mwa kunja kwa mtengo.

A Utuchi anakhala pa njerwa. Mzime akanakonda akanamukalipira.

"Wawafunditsa ngati mdzukulu wanga," anatero pomaliza.

"Kunali mvula. Komanso mwana analowetsa mkono, panali chinkhanira."

"Madzi amene timalimbana nawo si a kumwamba, mwanawe. Ali m'katimu. Mvula yowaza imauma ndi mphepo ya tsiku limodzi. Koma awa akamatuluka n'kusowa kopita, amabwerera." Anavula magalasi n'kupukuta diso latsopanolo mosamala. "Mwana amafunda. Thabwa safunditsa. Ndinayesa aliyense anabadwa akudziwa zimenezi, n'chifukwa chake sindinanene."

"Ndiye aonongeka onse?"

"Sindikudziwa. Tiwafunsa."

Adokotala anali atawaletsa kunyamula zolemera, choncho ntchito yonse inagwera Mzime. Anapasula muluwo thabwa ndi thabwa, Kanyerere atamangidwa kumsana. Anakwecha lililonse ndi burashi, n'kuwaimika motsamira khoma pamthunzi kuti apitidwe mphepo. Bambo ake anakhala pampando n'kumaloza ndi ndodo: ilo uko, ilo kuno. Timitengo takale, tonyowa ndi nguwi, anatitaya n'kusema tina. Manja a Mzime anachita matuza, matuza n'kuphulika, koma mulu wachiwiriwo anausanja yekha, kamtengo pamwamba pa kanzake ndendende.

A Mtolo atamva, anabwera n'kuseka mpaka kutsokomola.

"Mukanandipatsa ine, bwenzi pano titaiwala. Nkhuni sichita nguwi ili pamoto." Koma m'mawa mwake anafika ndi mitengo yowongoka ndi waya wa khola la nkhuku, n'kuzinga mpanda kuzungulira muluwo. "Mphepo idutse, Kanyerere asadutse. Mwaona nzeru za wogulitsa nkhuni?"

Nthawi imene inatayika sinabwerere. Kunja kunatentha, masamba anayoyoka, kenako mitengo inayamba kuphukira, ndipo masana mitambo inayamba kuunjikana kummawa n'kubalalikanso. Achemwali ankaimba Lamlungu lililonse. Sankatchulanso zodzatenga mwana, ankangofunsa kuti, "Denga lili pati?" ndipo funsolo linkapweteka kuposa. Mzime ankapita pampanda m'mawa uliwonse.

"Bambo, sanaume?"

A Utuchi ankasolola thabwa limodzi, kulinyamula mbali imodzi kuti amve kulemera, kuligunditsa patsaya. "Likuzizirabe. Thabwa louma silizizira patsaya." Ankaligogoda ndi chala chopinda n'kupukusa mutu. "Tikagulitsa lero, tebulo la munthu lidzatseguka pakati Khirisimasi isanafike, ndipo adzati a Utuchi anakalamba n'kuyamba kuba."

"Koma mitambo, bambo."

"Ndikuiona. Anandipala diso, paja."

Tsiku lina anagunditsa thabwa patsaya, ndipo sanapukuse mutu. Anamupatsa Mzime. Linali lofunda ngati mkono wa munthu, ndipo ataligogoda linalira mopepuka. Anatumiza uthenga kwa kalipentala wina amene ankapanga zitseko ndi makabati pafupi ndi msika.

Kalipentalayo asanafike, a Mtolo anakokera mnzawo pambali, koma mawu awo sankadziwa kunong'ona.

"Matabwa amathothowo uwalowetse pakati pa mulu. Akadzawaona ali kwawo."

"Iwe umabisa nkhuni zauwisi pakati pa mtolo, ndikudziwa. Kuno ayi."

Anawasanja poyera: abwino uku, amathotho uko. Kalipentala anabwera ndi pensulo kukhutu ndi puleni m'chikwama. Ataona mawanga akuda anayamba kuyamwa mano.

"Madala, matabwawa adwalapo."

"Adwalapo, ndipo sindikubisa. Tulutsa puleni yako, sankha lomwe ukufuna."

Anasankha lakuda kwambiri pa mulu wa abwino aja, n'kupala kawiri katatu. Zopalidwa zinapiringizika n'kugwa, ndipo pansi pake panaoneka mtima wa mlombwa, wofiirira, wa mizere yoyenda ngati madzi, wopanda banga. Fungo lija linadzaza pabwalo. Kalipentala anasisita ndi chikhatho, n'kuiwala kuyamwa mano. Koma atapala la mulu winawo, la m'mphepete moyera, kudako kunali kutalowa mkati. Anapala mobwereza, banga osachoka.

"Awa sindingatenge. Chitseko chamathotho palibe angachigule."

Anakambirana nthawi yaitali, a Mtolo akulowerera pomwe sanafunsidwe, ndipo pamapeto kalipentala anakweza abwino onse pa ngolo. Zimene anasiya m'manja mwa a Utuchi zinakwana malata atsopano, misomali, simenti ya pakona ndi mmisiri wokhoma. Za mapaso sizinakwane. Chimene chinaperewera chinali chofanana ndi mulu wokanidwa uja, ndipo Mzime sanafune munthu womuuza zimenezo.

Madzulo ake kunagunda bingu loyamba, kutali. Mzime anapita pa matabwa okanidwawo, osadziwa chimene akukafuna. Anakhala pansi, anatenga limodzi n'kuligogoda ndi chala, mwina pofuna kulilanga. Linalira. Anatenga lina. Linaliranso. Lachitatu linayankha mogonthera kumapeto kumodzi, ndipo analiika padera. Anapitiriza mpaka mulu unagawika pawiri.

"Bambo, kodi phaso limafuna kukongola?"

A Utuchi anabwera ndi ndodo yawo n'kuyang'ana milu iwiriyo.

"Wasankha ndiwe?"

"Awa akuti ngo. Kungoti ndi opyapyala."

"Opyapyala akaphatikizana awiriawiri n'kukhomedwa, amanyamula denga." Anagogoda angapo mwa amene iye anasankha, kenako amene anawakana, ndipo sanasunthe ngakhale limodzi. "Mphepete zoyerazi tizichotse, ndi zimene zimafumbwa. Mtima utsale. Kaitane wakupha mitengo uja, umuuze abwere ndi mawu ake oimbira."

Macheka analira komaliza pabwalopo. Mmisiri anakonza pakona, anakweza mapaso a mlombwa, amathothomathotho pomwe nguwi inadetsa, n'kuyamba kukhoma malata mitambo itada kale. Tsiku lomaliza mphepo inkamulanda malata m'manja, ndipo a Mtolo anagwira makwerero akutukwana kumwamba kuti kudikire.

Mvula inagwa masana a tsiku lotsatira. Mzime anaika mabeseni m'makona onse a chipinda, poti mtima wake sukhulupirira msanga. Anakhala pa bedi atamukumbatira Kanyerere, maso ali kudenga, khutu lili pa chifuwa cha mwana. Bambo ake anaima pakhomo la chipindacho. Madzi anakhuthuka, malata anasokosa mpaka munthu osamva mnzake, koma mabeseni anakhala ouma. Foni inalira. Anali achemwali.

"Kuno yayamba. Kumeneko bwanji? Denga lili pati?"

Mzime anaimirira. Anakweza foni m'mwamba, pafupi ndi malata, n'kuisiya pamenepo kanthawi. Atayibweza kukhutu anamva achemwali ake akuseka, kenako akufwenthera.

"Chabwino. Umuveke juzi, iwe."

A Utuchi anakhala nawo mvula imeneyo ndi ina yotsatira, n'kumwalira m'nyengo yozizira, mwakachetechete, atadwala masiku ochepa. Macheka akadali kukhoma. A Mtolo amabwera nthawi zina kudzawapaka mafuta, n'kumanena kuti akungoteteza chitsulo, si kuti akusowa munthu. Akapeza mtengo waukulu wakugwa, masiku ano sathamangira nkhwangwa. Amaimika njinga pamsewu n'kufuula kuti, "Mwana wa Utuchi, tabwera udzandimvere chipika ichi," ndipo Mzime amapukuta manja n'kupita, Kanyerere akuthamanga patsogolo.

Chifuwa cha mwanayo chinayamba kupepuka atakula, ngakhale mayi ake amamvetserabe. Chipinda chija alibe siling'i, ndipo Mzime sanafunepo kuikamo. Masana a Lamlungu akagona chagada pa bedi, amaona mapaso aja ndi mawanga ake akuda, mzere ndi mzere, pomwe timitengo tinagona. Kukatentha kwambiri malata n'kuwotcha mapasowo, m'chipindamo mumatsika kafungo, kochepa kwambiri, ka malaya a bambo ake.